Kodi chimanga chimakhwima pa Pasaka?

"Alangizi, agogo ankati Pasaka ikakwana tizidula chimanga n'kuimika mikukwe. Mu 2024 ndidatero, koma chambiri chidachita chuku. Kodi agogo ankatinamiza?" Akufunsa choncho mayi wina wa ku Ntchisi.

Mayi, agogo sadaname kwenikweni. Chikondwerero chimenechi chidayambiradi pafupi ndi munda, kungoti munda wake si wathu. Ku Israel mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo, ndipo mbewu yoyamba kucha ndi barele, mbewu yofanana ndi tirigu. Paskha wa Ayuda, wokumbukira kutuluka mu Iguputo, amachitika mwezi wa Abibu, dzina lotanthauza ngala zanthete za bareleyo. Pa nyengoyi ankapereka mtolo woyamba kwa wansembe, ndipo palibe ankalawa zatsopano mtolowo usanaperekedwe. Akawerenga masiku 50, tirigu atacha, kunkabwera chikondwerero chomwe ife timachidziwa kuti Pentekosite. Yesu adaphedwa pa nyengo ya Paskha, n'chifukwa chake Pasaka ya Akhristu idakhazikika pomwepo.

Tsono imvani apa, poti ine mpomwe pamandikomera. Akuluakulu a Ayuda akaona kuti barele akadali wamuwisi, sankamudula mokakamiza ayi. Ankaonjezera mwezi wina wathunthu pa chaka, Paskha n'kudikira munda. Mpaka lero kalendala yawo imakhala ndi mwezi wa 13 kasanu n'kawiri pa zaka 19 zilizonse.

Pasaka yathu siyang'ana munda wa munthu. Imagwa Lamulungu lotsatira tsiku loyamba limene mwezi wakumwamba waoneka wathunthu kuchokera pa 21 Malichi, choncho imayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Mu 2024 idafulumira, pa 31 Malichi. Mu 2025 idafika pa 20 Epulo. Masiku 20 pa chimanga ndi ambiri, makamaka ngati mudadzala mochedwa kapena mbewu yanu ndi yochedwa kucha.

Chaka chino lowani m'munda. Thyolani zisononkho zingapo m'malo osiyanasiyana, tonolani njere, mukande kunsonga komwe imalumikizana ndi chisononkho. Mukaona kadontho kakuda, chakhwima, dulani. Pakadali poyera, chisiyeni, ngakhale kwaya itayamba kale kuphunzira nyimbo za kuuka.

Musanathire m'matumba, ikani njere zodzadza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chimanga sichinaume, chiyanikeninso pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi.