Kodi ndisungitsiretu galimoto yamagetsi imene sinatuluke?

Funso: Ndili ndi kabizinesi konyamula katundu wa makasitomala, ndipo petulo akundimaliza. Pali galimoto yamagetsi imene ituluke chaka chamawa. Akuti ndi yaliwiro, imapita kutali ikatchajidwa kamodzi, komanso ndi yotchipa kuposa zinzake. Kodi ndipereke dipoziti?

Yankho: Bambo, ndalamayo igwireni kaye. Zonse zimene mwamva ndi malonjezo a wogulitsa, ndipo malonjezo amasintha. Mu 2019 Tesla, kampani ya ku America yopanga magalimoto amagetsi, inalengeza kuti galimoto yake ya Cybertruck yotchipitsitsa idzagulidwa madola 39,900. Itayamba kuperekedwa kumapeto kwa 2023, mtengo wotsikitsitsa unali utafika madola 60,990.

Za liwiro musataye nazo nthawi. Pafupifupi galimoto iliyonse yamagetsi imanyamuka mwamphamvu, ndipo mphamvuyo, kuphatikiza kulemera kwa batire, imadya matayala.

Nkhani yagona pa mtunda. Funsani kuti makilomita akulengezedwawo anayezedwa ndi muyezo uti. Wa ku China, CLTC, umapereka nambala yokwera. Wa ku Ulaya, WLTP, umatsikako. Wa ku America, EPA, nthawi zambiri ndiwo umayandikira zoona. Mukaika nambala ya CLTC pambali pa ya EPA ya galimoto ina, mwanamizika kale. Kenako werengerani nokha. Tiyerekeze batire ndi ya 60 kWh (muyezo wa moto umene imasunga), ndipo galimoto yodzaza katundu ikudya 18 kWh pa makilomita 100. Amenewo ndi makilomita pafupifupi 330. Koma pa ulendo simudikira kuti batire ithere pansi, ndipo potchaja mwachangu anthu amalekera pa 80 peresenti chifukwa kuchokera pamenepo moto umalowa pang'onopang'ono. Kuyambira 10 kufika 80 peresenti mumatsala ndi makilomita ngati 230. Kodi akukwanira ntchito yanu ya tsiku?

Pamtengo, yang'anani kupyola tsiku logula. Makampani ambiri amaikira batire chitsimikizo cha zaka 8 kapena makilomita 160,000, chimene chayamba kukwana. Inu oyenda tsiku ndi tsiku, makilomitawo adzatha zaka zisanakwane. Funsaninso ngati batire ndi ya mtundu wotchedwa LFP, monga zimene kampani ya ku China ya BYD imaika m'magalimoto ake: imapirira kutchajidwa kawirikawiri, ngakhale imalemera. Ndiye pali inshuwalansi, masipeyala, ndi makaniko amene angaigwire ikawonongeka, pakuti galimoto ya bizinesi ikagona kugalaja ndi inu mukuluza. Musaiwale mtengo wodzagulitsira. Mu Januwale 2024 Hertz, kampani yobwereketsa magalimoto ya ku America, inalengeza kuti igulitsa magalimoto amagetsi pafupifupi 20,000, ikudandaula za kukwera mtengo kwa kukonzetsa, pomwe mitengo ya ogwiritsidwa kale ntchito inali itagwa.

Ine ndingasankhe pakati pa zimene zili kale pamsewu, zimene eni ake angakuuzeni zoona. Ngati mtima uli pa yatsopanoyo, perekani dipoziti pokhapokha atalemba kuti idzabwezedwa yonse mtengo ukasintha kapena galimoto ikachedwa.