Mafunso Anu: Kodi intaneti ingatithandize kupeza kumene kunathera agogo?

FUNSO: Akonzi, agogo anga aamuna, amene anabereka mayi anga, anachoka kumudzi kwathu ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kupita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo atalemba makalata awiri okha sanamvekenso. Mayi anga tsopano akalamba, koma sipatha mwezi osawatchula bambo awo. Mwana wanga anandilembetsa pa FamilySearch, ndipo titalembapo dzina la agogowo sitinapeze kanthu. Kodi tinalakwitsa penapake, kapena masamba amenewa anawakonzera azungu okha? Ndine mayi wa ku Kawale, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, simunalakwitse chilichonse, ndipo musataye mtima. FamilySearch, yomwe imayendetsedwa ndi mpingo wa Latter-day Saints wa ku Utah ndipo salipiritsa, komanso masamba olipiritsa monga Ancestry ndi MyHeritage, amangosonkhanitsa zimene zinalembedwa kale papepala. Tsono m'dziko muno, pansi pa lamulo la atsamunda la 1904, amene ankakakamizidwa kulembetsa kubadwa ndi imfa anali anthu osakhala Aafirika. Lamulo lakuti mwana aliyense azilembedwa m'kaundula wa boma linakhazikitsidwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kalembera wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017. Munthu wobadwira m'mudzi mu 1930 boma silinam'patse chikalata chobadwira. Amene analemba dzina lake anali mpingo umene unam'batiza, msilikali wamkulu ngati analowa usilikali, ndi kalaliki wa bungwe limene linam'tenga kukagwira ntchito kunja. Kumeneko ndiko muyenera kuloza.

Musanabwererenso pa kompyuta, khalani pansi ndi mayi anu, amalume ngati alipo, ndi akuluakulu ena a m'mbumba, ndipo mujambule mawu awo pa foni. Chofunika kwambiri ndi maina onse a agogowo, pakuti munthu wa nthawi imeneyo kawirikawiri ankakhala ndi dzina laubwana, dzina limene anapatsidwa atavinidwa, dzina laubatizo, ndi chiwongo monga Phiri, Banda kapena Mbewe. Polembetsa ntchito ambiri ankapereka dzina la bambo awo ngati dzina lachiwiri, ena ankapereka chiwongo, ndipo kalaliki ankalemba monga mmene khutu lake lamvera. Funsaninso dzina la nyakwawa ndi la mfumu yaikulu ya nthawiyo, chifukwa mapepala a msonkho ndi a ntchito ankazindikira munthu ndi mudzi wake ndi mfumu yake. Makalata awiri aja, ngati alipobe, ndi chuma chamtengo wapatali: chidindo cha positi chingakuuzeni tauni ndi chaka, ndipo pamwamba pa kalata anthu a kumigodi ankakonda kulemba dzina la mgodi, la komboni, ndi nambala yawo ya ntchito.

Mukapeza nambala imeneyo mwapeza khomo. Wenela inasintha dzina mu 1977 n'kukhala TEBA, imene ife timaitchula kuti Theba, ndipo bungweli lilipobe ku South Africa, lili ndi tsamba lake pa intaneti, ndipo limasunga mbiri ya ntchito ya anthu amene linawalemba. Lilembereni mukutchula maina onse, boma lochokera, zaka zimene mukuganizira ndi nambalayo. Mukabwereranso pa FamilySearch, musafufuze pansi pa Malawi, koma pansi pa dziko limene agogowo anapitako, popeza tsambali lili ndi zikalata za imfa za ku Transvaal, chigawo chakale mmene munali Joni, ndi za ku Zimbabwe. Ndatchula Zimbabwe dala, chifukwa matchona ambiri amene abale ankati ali ku Joni anakhazikika ku Salisbury (lero ndi Harare), ku Bulawayo kapena m'mafamu a fodya, n'kukwatira komweko. Dziwaninso kuti zambiri mwa zikalatazi zinangojambulidwa koma maina ake sanalowetsedwe m'ndandanda wofufuzira, kotero pamafunika kuleza mtima, kutsegula chithunzi chimodzichimodzi monga mmene munthu amatsegulira buku.

Kalembedwe ka maina a malo kamasocheretsa anthu ambiri. M'mapepala akale dziko lino ndi Nyasaland mpaka 1964, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Nkhotakota ndi Kota Kota, Thyolo ndi Cholo, ndipo Ntcheu ndi Ncheu. Dedza sanasinthe, koma dzina la mfumu kapena la mudzi wanu muliyese m'njira zingapo, lokhala ndi h ndi lopanda h.

Za ubwana wa agogowo, ine ndikukulangizani kuti mukwere basi, chifukwa mabuku ambiri a ubatizo akadali m'makabati a mipingo. Ngati anali Mkatolika wa kunyanja kwa Dedza, yambirani ku Mua, mishoni imene inatsegulidwa mu 1902. Ngati anali wa mpingo umene lero ndi CCAP, funsani ku Nkhoma, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika mu 1896. Buku la ubatizo limatchula makolo ndi mudzi, ndipo mzere umodzi wokha ungakubwezereni m'badwo wathunthu. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, yomwe inayamba mu 1947, kumene kuli mafayilo a maboma ndi a mafumu. Magulu a pa Facebook a anthu a ku Dedza ndi a zidzukulu za Amalawi ku South Africa ndi ku Zimbabwe angathandizenso mukaikapo chithunzi ndi dzina la mudzi, koma aliyense wonena kuti ndi m'bale wanu mum'funse kaye chinthu chimene simunalembe poyera, ndipo musatumize ndalama kwa munthu wolonjeza kukufufuzirani.

FUNSO: Akonzi, kwathu timamva kuti bambo wa agogo athu anafera ku nkhondo ya azungu, koma sitidziwa kumene anaikidwa. Tingafufuze kuti? Ndine bambo wa ku Zomba.

YANKHO: Bambo, yambirani pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali. Tsambali ndi laulere ndipo lili ndi maina a omwe anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Lembani dzina, kenako musankhe gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankati Keyala. Asilikali a ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri anafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, choncho musadabwe manda akapezeka kutali. Ngati anafa pa nkhondo yoyamba, makamaka ngati anali wa tengatenga, wonyamula katundu wa asilikali, dzina lawo likhoza kusowa, ndipo bungwelo linavomereza lokha mu 2021 kuti Aafirika ochuluka sanakumbukiridwe ndi maina awo. Popeza muli ku Zomba komweko, kawerengeninso maina amene ali pa chipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo mutenge maina awo onse m'thumba, laubatizo ndi lakumudzi lomwe.