Mlingo wa morphine ukukwera, ululu nawo ukukwera: chikuchitika n'chiyani?

Ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene akudwazika kholo lake. Mwachidule akuti: "Amayi anga ali ndi matenda a shuga, ndipo kwa zaka zitatu mapazi awo akhala akuotcha ngati aponda makala. Anayamba ndi tramadol, pano ali pa morphine, mlingo awawonjezera kawiri. M'malo mopeza bwino, ululu wafika m'ntchafu mpaka kumsana. Usiku ndikangowafunditsa nsalu amalira. Achibale ena akuti akungofuna mankhwala. Kodi n'zotheka kuti mankhwalawo ndi amene akuwapweteka?"

Achemwali, ndiyambe ndi mawu a achibalewo chifukwa andikhudza. Amayi anu sakunama. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga timitsempha timene timatumiza uthenga ku ubongo, ndipo amayambira kumapazi. Mtsempha wowonongeka umakuwa wokha popanda chouvulaza. N'chifukwa chake odwala amati kukuotcha, kukubaya ngati singano, kapena phazi lachita dzanzi koma likuwawabe. Kulira chifukwa cha nsalu yofunda madokotala amakudziwa bwino, dzina lake ndi allodynia.

Tsopano funso lanu. Inde, n'zotheka. Kale mu 1870, dokotala wa ku England, Clifford Allbutt, anafunsa ngati morphine sakulimbikitsa ululu womwewo umene amati akuthetsa. Panapita zaka zoposa 100 anthu asanamvetse momwe zimachitikira. Mu 1983 Clifford Woolf, akugwira ntchito ku London, anaonetsa pa makoswe kuti ululu ukapitirira, mtsempha waukulu wa mumsana umasintha n'kuyamba kukuza uthenga uliwonse wodutsamo, ngati wailesi imene munthu waikweza n'kuiwala kuitsitsa. Pambuyo pake zinadziwika kuti mankhwala a gulu la opioid, monga morphine ndi fentanyl, nawonso angathe kukweza wailesi yomweyo mwa anthu ena. Vutoli amalitcha opioid-induced hyperalgesia.

Kafukufuku amene sandichoka m'maganizo ndi wa mu 2016, wa Peter Grace ndi Linda Watkins a pa University of Colorado Boulder. Anatenga makoswe ovulala mtsempha n'kuwapatsa morphine kwa masiku 5 okha. Makoswewo anamva ululu nthawi yaitali kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo amene sanalandire morphine. Anapeza kuti maselo otchedwa microglia, omwe ntchito yawo ndi kuteteza mitsempha ya mumsana, anali atadzutsidwa n'kumatulutsa zinthu zotupitsa. Khoswe si munthu, zimenezo tizikumbukira. Komabe nako kuchipatala zaoneka kuti odwala opatsidwa opioid wina wotchedwa remifentanil wambiri pa opaleshoni amadzuka akumva kuwawa kwambiri kuposa anzawo. Mu 2023 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalamula kuti chenjezo la vutoli lilembedwe pa mapepala a mankhwala a opioid.

Apa pali posokoneza. Thupi limathanso kungozolowera mankhwala, mlingo wakale n'kusiya kugwira. Zikakhala choncho, kuwonjezera kumathandiza, ngakhale kwa kanthawi. Koma ngati mankhwalawo ndiwo akukuza ululu, kuwonjezera kuli ngati kuthira mafuta pamoto: ululu umachoka pamalo ake akale n'kufalikira, munthu osathanso kuloza pamene pakuwawa. Mfundo iyi ndi imene yandiimitsa m'kalata yanu. Sindingagamule ndili kutali, pakuti msana ungathe kuwawa pa zifukwa zinanso zofunika kupimidwa, koma kufalikira kotereku mlingo utangokwera si nkhani yoinyalanyaza.

Chinanso chimene ndimaona kuti odwazika ambiri sauzidwa n'chakuti pa ululu wa mitsempha morphine si woyambira. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Nanna Finnerup litaunika kafukufuku wambiri mu 2015, linaika patsogolo amitriptyline, duloxetine, gabapentin ndi pregabalin. Tramadol anabwera pachiwiri, morphine ndi anzake amphamvu pachitatu. Musadabwe mukamva kuti amitriptyline ndi mankhwala a matenda a nkhawa. Pa mlingo wochepa amakhazika pansi mitsempha yokuwayo, ngakhale kwa okalamba amafunika kusamala chifukwa amaumitsa kukamwa ndi kuchititsa chizungulire. Sindikunyoza morphine ayi. Kwa wodwala khansa, kapena wothyoka fupa, ndi chifundo chenicheni.

Chonde, musawasiyitse mwadzidzidzi. Thupi limene lakhala pa morphine kwa miyezi likamanidwa kamodzi n'kamodzi, munthu amatuluka thukuta, amatsegula m'mimba, amanjenjemera, tulo osabwera, ndipo ululu umakwera kuposa poyamba. Kutsitsa kumachitika pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira, ndipo nthawi zina amasintha n'kupereka opioid wina kapena kuyambitsa amodzi mwa mankhwala ndatchula aja.

Musanapite kukaonana ndi adokotala, tengani pepala. Lembani tsiku limene mlingo unakwezedwa, ndi tsiku limene ululu unafika m'ntchafu ndi kumsana. Jambulani thupi, ngakhale mosalongosoka, muthire inki pamene pankawawa kale ndi pamene pakuwawa lero. Lembaninso mankhwala ena onse amene amayi akumwa, makamaka ogonetsa, chifukwa akaphatikizana ndi morphine amatha kufooketsa kupuma. Ndipo nkhani ya nsalu yofunda ija mukainene momwe mwandiuzira ine.