Za nyutuloni yotsala yopanda inzake

Aphunzitsi athu a ku Santhe, mwafunsa chifukwa chake akatswiri amawerengera padera maisotopu (mitundu ya atomu yosiyana kuchuluka kwa manyutuloni) amene kulemera kwake, kutanthauza chiwerengero cha mapulotoni ndi manyutuloni onse pamodzi, ndi nambala yosagawika ndi 2, monga oxygen-17 ndi uranium-235. Nkhani yonse yagona pa kanthu kamodzi kotsala, pulotoni kapena nyutuloni yopanda inzake.

M'phata la atomu mapulotoni amagwirana awiriawiri, manyutuloni nawonso chimodzimodzi, ndipo awiri akagwirana, spin yawo (khalidwe lokhala ngati kuzungulira) imafafanizana n'kukhala 0. Zili ngati ng'ombe za pangolo zomangidwa ziwiriziwiri pagoli, zimene zimayenda mofanana, mwakuti imene imaonetsa khalidwe lake ndi yotsala yokha ija. Maganizo amenewa ndi mbali ya shell model, chiphunzitso chakuti mapulotoni ndi manyutuloni amadzaza milingo ya mphamvu m'phatamo motsatizana, imene Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen anafotokoza mu 1949, n'kudzalandira nayo mphoto ya Nobel mu 1963. Mu oxygen-17, mapulotoni 8 ndi manyutuloni 8 amadzaza malo awo ndendende, nyutuloni yachisanu ndi chinayi imakwera pa mulingo wotsatira wotchedwa d5/2, choncho masamu amati spin ya phata lonse ndi 5/2, ndipo oyeza amapezadi 5/2.

Koma ndikupemphani kuti ophunzira musawasiyire pamenepa, chifukwa adzayesa kuti njirayi silephera. Sodium-23 ili ndi mapulotoni 11, ndipo mwa kawerengedwe komweko tikanayembekezera 5/2, pamene zoyeza zimapereka 3/2. Vuto n'lakuti phata lake si lobulungira bwinobwino, ndi lotalikirako mbali imodzi, ndipo pulotoni yotsalayo imamva maonekedwe amenewo. Sven Gösta Nilsson ndiye anawerengera mu 1955 mmene milingo imagawikanira phata likakhala lotero, ndipo kwa ine apa ndi pamene phunziroli limakomera, poti kanthu kotsalako ndi phata lonse zimakokanakokana, china chikusintha chinzake.

Za uranium, ngati ija ya ku Kayelekera ku Karonga, imene gawo la uranium-235 ndi pafupifupi 0.7 peresenti basi, kugwirana awiriawiri komweku ndiko kumalekanitsa uranium-235 ndi uranium-238. Uranium-235 ili ndi manyutuloni 143, ndiye ikameza nyutuloni yoyenda pang'onopang'ono, yotsala ija imapeza inzake, phata n'kulandira mphamvu pafupifupi 6.5 MeV (muyeso wa mphamvu za m'phata la atomu), yokwanira kuling'amba. Uranium-238 ili ndi 146, onse ali kale awiriawiri, choncho yobwerayo imangopereka pafupifupi 4.8 MeV, imene imaperewera kuti phatalo ling'ambike.