Funsani Makaniko: Kodi bampala ya galimoto ina ingadulidwe kuti ikwane pa yanga?

Funso: A Mkonzi, ndili ndi Nissan 1400 yakale imene ndimanyamulira mbatatesi kuchokera ku Tsangano kukagulitsa kumsika wa ku Ulongwe. Mwezi watha ndinagunda chitsa potembenuza galimoto kumunda, ndipo bampala yakutsogolo, yomwe inali itadyeka kale ndi dzimbiri, inathyoka. Alamu anga a ku Moatize andipatsa bampala yachitsulo ya Toyota Hilux yakale, yonyezimira bwino, koma titayerekeza tapeza kuti ikupitirira ndi masentimita 6 mbali iliyonse. Mnyamata wina wowotcherera akuti aidula kunsonga zonse ziwiri, kenako aiwotcherere pachesisi penipeni, pazitsulo zikuluzikulu zapansi zimene zimanyamula galimoto, kuti isadzagwenso. Kodi ndimulole?
Wowerenga, Ulongwe, Angonia

Yankho: Bambo, kufupikitsa bampala yachitsulo n'kotheka ndithu, ndipo amisiri okonza magalimoto ophwanyika, amene kuno timawatchula kuti a bate-chapa, akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Koma pa zinthu ziwiri zimene mnyamatayo wanena, musamulole ngakhale chimodzi.

Nsonga za bampala zinapindidwa kufakitale kuti zizungulire ngodya za galimoto, ndipo mukazidula mumatsala ndi chitsulo chakuthwa ngati chikwanje, choloza kumene kumadutsa ana, mbuzi ndi anthu a njinga. Chitsulo chochotsa chichokere pakati. Bampalayo ikatsitsidwa n'kuikidwa pathebulo, mmisiri apeze pakati penipeni ndi tepi yoyezera, alembepo ndi choko, kenako ayeze masentimita 6 kumanja ndi 6 kumanzere, adule m'mizere iwiriyo kuti achotse masentimita 12 onse pamodzi. Akatero mbali ziwiri zotsalazo zimakhala zofanana, kupindika kwa bampala sikusokonekera, ndipo chipsera cholumikiza chimadzabisika kuseri kwa chikwangwani cha nambala ngati chimakhala pamenepo. Asanadule, gwirizitsani bampalayo pagalimoto anthu awiri, muone ngati nsonga zake zidzasiye mpata wokwanira kuti matayala akhote mpaka mapeto osakhudza.

Kunyezimira kumene kwakukopaniko ndi kuromu, kachikutiro kopyapyala kwambiri kamene kamakhala pamwamba pa nikelo, ndipo nthawi zambiri pansi pa nikeloyo pamakhala kopa. Zitsulo zimenezi zikalowa m'chowotchereracho, polumikizapo pamakhala pofooka, choncho mmisiri azipale ndi galainda masentimita awiri kapena atatu mbali iliyonse mpaka chitsulo chenicheni chionekere. Pali chifukwa chinanso chimene chimandikhudza kwambiri: utsi wa kuromu yotenthedwa ndi woopsa m'mapapo, ndipo anyamata athu ambiri amawotcherera atangophimba maso okha, mphuno ili pamtunda, nkhope itaweramira pautsi. Ntchitoyi aigwirire panja podutsa mphepo, atavala chotchinga mphuno.

Chitsulo cha bampala zoterezi n'chopyapyala, ndipo makina owotcherera a ndodo, omwe ndi amene amapezeka kwambiri kwathu kuno, amachiboola msanga moto ukachuluka. Agwiritse ntchito ndodo zazing'ono, za mamilimita 2 kapena 2.5, ayambe ndi kudontheza m'malo angapo, aone ngati zawongoka, kenako azilumikiza pang'onopang'ono akudikira kuti chitsulo chizizire, chifukwa akathamangitsa moto kuchokera pamwamba mpaka pansi nthawi imodzi bampala imapotoka. Kuseri kwake aikeko kachitsulo kena kodutsa pa mzere wolumikizawo kuti kalimbitse. Dziwiranitu kuti pamene padutsa moto, kuromu sibwereranso pokhapokha bampala itapita kufakitale yokutira zitsulo, ndipo ndalama zake zingapose mtengo wa bampala ina. Ine ndikanakhala inu ndikanaipala yonse ndi sandipepa kuti ichite makwinya, n'kupaka pulaimala yogwira pachitsulo chosalala, kenako penti wakuda, osaiwala kuseri, kumene matope a nthawi ya dzinja amakanirira n'kuyambitsa dzimbiri.

Nkhani yaikulu ili pa mabulaketi, tizitsulo timene timagwiritsa bampala kuchesisi. Anthu amaona ngati mabulaketi opindika msanga ndi chizindikiro cha kufooka, pamene amene anapanga galimoto anafuna zomwezo. Mukagunda chinthu pang'ono, bulaketi imapindika n'kumwa mphamvu ya kugundako, ndipo chesisi imapulumuka. Bampala yanu inathyoka pachitsa paja, koma ngati galimoto ikuyendabe mowongoka, chimenecho ndi umboni woti zitsulozo zinagwira ntchito yake. Chaka china mumzinda wa Tete anandibweretsera galimoto yonyamula katundu imene mwiniwake anawotchererapo paipi yokhuthala m'malo mwa bampala. Anagunda kumbuyo kwa lole yoima, pa liwiro laling'ono chabe. Paipi ija inalibe ngakhale kachipsera, koma chitsulo cha chesisi cha kumanzere chinali chitapindika kuseri kwa rediyeta, boneti sinkatsekeka, ndipo tayala lakutsogolo linali litayamba kudyeka mbali imodzi. Kuwongola chesisi imeneyo kunamudyera mameticais ochuluka kuposa bampala zingapo.

Choncho bampala imangidwe ndi mabawuti, m'mabowo omwewo a chesisi mmene munali yakale. Ngati mabulaketi a Nissan akadalipo, awongoleni kapena mupangitse ena ofanana nawo kukhuthala, ndipo bampala ya Hilux ndiyo ibooledwe kuti igwirizane nawo. Gulani mabawuti olembedwa 8.8 pamutu, pamodzi ndi mawashala ake, chifukwa misewu yathu yafumbi imamasula chilichonse chomangidwa mwachibwana. Bampala yowotcherera pachesisi imadzavutitsanso tsiku limene mudzafune kutsitsa rediyeta kapena injini, poti mudzayamba mwaidula.

Pomanga, onetsetsani kuti siikutseka mpata wolowera mpweya kurediyeta. Kumapiri a Angonia ndi Tsangano kumazizira, ndipo mwina simungaone vuto, koma mukatsikira ku Moatize kapena ku Tete mu October ndi November, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, n'kubwerera mutasenza katundu pa zitunda za msewu wa N7, injini yaing'onoyo imafuna mpweya wonse umene ingapeze. Magetsi okhotera nawonso aoneke bwino, ndipo chikwangwani cha nambala chikhale poonekera, poti zimenezi amaziyang'ana apolisi apamsewu komanso oyeza magalimoto ku inspecção.

Musanadule chilichonse, yambani mwafunsa kwa ogulitsa zipangizo zamagalimoto. Nissan 1400 inkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka chaka cha 2008, ndipo zipangizo zake zikupezekabe ku South Africa, kotero bampala yake yeniyeni ingathe kubwera ndi malole odutsa ku Tete. Ikapezeka pamtengo wofikirika, ya alamu anuyo muisiye yathunthu, idzathandize wina wa Hilux.

Kwa owerenga ena amene ali ndi magalimoto atsopano okhala ndi ma airbag, matumba a mpweya amene amafufuma pangozi kuti ateteze anthu, malangizo awa sakukukhudzani, chifukwa kutsogolo kwa magalimoto amenewo kunakonzedwa mogwirizana ndi zipangizo zimene zimamva kugunda, ndipo kuikapo chitsulo chachilendo kungasokoneze nthawi imene airbag imatsekukira.