Nyemba zikukutherani makala? Dzisokereni dengu lophikira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Analemba kuti: "Pakhomo pathu tilipo anthu 6, ndipo nyemba timadya katatu pa sabata chifukwa ndiyo ndiwo imene tingakwanitse. Koma tsiku lililonse lophika nyemba ndimathira makala pambaula kawiri, mwina katatu, moti thumba silifika kumapeto kwa mwezi. Anzanga akuti ndizithira soda. Kodi pali njira ina?"

Zikomo mayi polemba. Njira ilipo, ndipo kwathu kuno ndiyo tikugwiritsa ntchito. Simufunika kugula chipangizo chodula. Mufunika dengu, zitenje ziwiri zakale, singano yosokera matumba, ndi tsiku limodzi Loweruka masana.

Ndiyambe ndi zimene zimachitika m'poto, chifukwa mukazimvetsa zimenezi zina zonse muzidziwa nokha. Madzi akangowira, satenthanso kuposa pamenepo. Kaya mukupize moto mpaka mkono kuwawa, kaya muwonjezere makala, madziwo amangosanduka nthunzi n'kuthawa. Kunyanja yamchere madzi amawira akafika madigiri 100, koma kuno ku Blantyre, komwe tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amawira akafika pa 96 kapena 97 basi. Nyemba zimene zili pambaula kwa maola atatu zimapsa ndi kutentha komweko. Makala onse amene mumawonjezera ntchito yake ndi kubwezeretsa kutentha kumene kukutuluka m'mbali mwa poto, pachivundikiro ndi mu nthunzi. Ndiye mukatseka njira zimene kutenthako kumathawira, nyemba zimapitiriza kupsa zokha poto ali pansi, moto utazima.

Dengu lophikira ntchito yake ndi imeneyo. Si nzeru yachilendo ayi. Ku Ulaya pa nthawi ya nkhondo zikuluzikulu za dziko lonse, pamene malasha ankasowa, amayi ankaika mapoto otentha m'mabokosi odzaza udzu wouma. Amene muli ndi abale ku Joni mwina munaonapo chithumba chansalu chooneka ngati dzungu chotchedwa Wonderbag, chimene Sarah Collins anayambitsa ku South Africa mu 2008 magetsi atavuta kumeneko. Dengu lathuli limagwira ntchito chimodzimodzi.

Kasokedwe kake ndi aka. Choyamba sankhani poto amene mumaphikira nyemba nthawi zonse, chifukwa dengulo mulisokera poto ameneyo. Akhale wa chivundikiro chokhala bwino, osati chopindika chotulutsa nthunzi m'mbali, ndipo ngati muli naye wa zogwirira zifupizifupi ndiye wabwino, chifukwa mpini wautali umavuta kukwirira. Pitani naye kumsika potoyo pokagula dengu. Muikeni m'kati, ndipo pakati pa poto ndi dengu pakhale mpata wokwana chikhatho chanu chopingasa mbali zonse, masentimita 10 kapena kuposerapo. Pamwamba napo pakhale mpata wotero.

Zodzazira zili mbwee pakhomo: nsanza zoduladula, bulangete lakale, thonje, mankhusu a mpunga, utuchi wa kwa akalipentala, masamba a nthochi ouma, ngakhale nyuzipepala zofwinyafwinya. Chachikulu n'chakuti zikhale zouma gwa, chifukwa chinthu chonyowa chimakoka kutentha m'malo mokusunga. Ine ndinagwiritsa ntchito zidutswa za nsalu zimene telala wa pafupi ndi kwathu amataya. Ndinakatenga thumba lathunthu, ana n'kukhala pamkeka kumadula zidutswa zikuluzikulu ndi sizasi.

Yalani zodzazirazo pansi pa dengu mpaka zikhuthale masentimita 10, muzitsindire ndi manja. Kenaka yalani chitenje pansi, muike poto pakati pake, n'kukokera nsonga zonse m'mwamba ngati mukumanga phukusi. Ikani phukusilo pakati pa dengu, ndipo yambani kukanikizira zodzazira mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka zifike pakamwa pa poto. Apa musafulumire. Paliponse pamene patsala dzenje ndi pamene kutentha kudzatulukire, choncho lowetsani zala, mumve ngati pali pofewa, muwonjezere. Mukatha masulani nsonga za chitenje zija, muzipindire kunja pamwamba pa zodzazira, n'kuzisokerera kumlomo wa dengu kuzungulira. Mukatulutsa poto mupeza patsala chisa chofanana ndendende ndi poto wanu. Chitenje chachiwiri musokere pilo wozungulira, wonenepa, woti azilowa m'kamwa mwa dengu mothina. Pilo ameneyu musamuumire zodzazira, chifukwa kutentha kwambiri kumathawira kumwamba. Nsalu yokhudzana ndi poto ikhale ya thonje. Ya nayiloni imasungunuka.

Tsopano kaphikidwe. Madzulo sankhani nyemba zanu, muzitsuke, muziviike m'madzi ambiri. Maola 8 ndi okwanira. M'nyengo yotentha ya Okutobala musapitirire kwambiri pamenepo, chifukwa madzi amayamba kuchita thovu ndi kununkha kusasa. M'mawa tayani madziwo, thirani ena oti amize nyemba ndi kupitirira pang'ono, ngati zala ziwiri. Musachulutse madzi, pakuti m'dengu saphwera monga amachitira pamoto. Tsekani, ikani pambaula, ndipo zikayamba kubwata muziwerengere mphindi 20 zikubwata mwamphamvu.

Mphindi zimenezi musazidule, ndikupempheni. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amatha pokhapokha nyembazo zitabwata kwambiri kwa mphindi zosachepera 10. Kutentha kwa m'dengu pakokha sikumupha. Ndimati 20 kuti nyemba iliyonse itenthe mpaka m'kati, potonso alowe m'dengu ali moto.

Zikakwana, osatsegula chivundikiro. Tengani poto ndi kansalu, yang'anani kunsi kwake ngati sikunamatirire khala lamoto, mulowetseni m'chisa chija msangamsanga, tsekani ndi pilo, n'kukanikiza. Makala otsala pambaula muphikire phala la ana kapena madzi a tiyi. Dengulo likhale m'nyumba pakona, kutali ndi mbaula, ndipo lilibe utsi woti n'kukuvutitsani.

Tsiku loyamba ine zinandikanika. Ndinaphika nyemba zochepa m'poto wamkulu, zongofika pakati, ndipo nditaona kuti padutsa ola limodzi ndinatsegula kuti ndione ngati zikupsa. Masana ndinapeza madzi ali ofunda chabe, nyemba zili gwa, ndipo ana anadya mochedwa tsiku limenelo. Ndinaphunzira zinthu ziwiri. Poto ayenera kukhala wodzaza pafupifupi mpaka kukamwa, chifukwa madzi ndi nyemba zambiri ndizo zimasunga kutentha, pamene mpweya wa m'poto wosadzaza umazizira msanga. Chachiwiri, mukatsegula kamodzi kokha mwataya kutentha kumene kulibe moto wokubwezeretsa. Ulendo wachiwiri ndinadzaza poto, ndinatseka 6 koloko m'mawa, osakhudzanso. Nditachotsa pilo cha m'ma 10, chivundikiro chinali chosagwirika ndi manja, nthunzi inandiwomba kumaso, ndipo nyemba nditaifinya pakati pa zala inangoti phwa, khungu lake lili lathunthu. Pansi pa poto panalibe ngakhale imodzi yopserera.

Maola 4 amakwanira nyemba zatsopano, kaya ndi nanyati kaya kholophethe. Nyemba zogonera, zimene zakhala miyezi yambiri m'thumba pamalo otentha ndi achinyezi, zimauma mtima ndipo zimavuta kupsa pa moto uliwonse. Zoterozo mukazitulutsa zisanafewe, zibwatitseninso mphindi 10 n'kuzibwezera m'dengu maola ena awiri. Pogula, lumani imodzi kapena funsani wogulitsa ngati ndi za chaka chino.

Pali chenjezo limodzi limene sindifuna muliiwale. Chakudya chikazizira kufika pansi pa madigiri 60, tizilombo toyambitsa matenda timayamba kuswana. Choncho musasiye poto m'dengu kuyambira m'mawa mpaka usiku n'kungopakula. Ngati mwatsegula n'kupeza poto woti mungathe kumugwira ndi manja osapsa, bwatitsaninso musanapatse aliyense. Kwa nyemba izi sizivuta, chifukwa zimabwereranso pamoto pokazinga.

Ena amadandaula kuti nyemba zoviika sizikoma, msuzi wake umakhala wamadzimadzi. Zimenezo zimakonzeka pokazinga. Kazingani anyezi, thirani tomato apse bwino, thirani nyemba ndi madzi ake omwe aja a m'dengu, kenaka tengani chipande muphwanye nyemba zingapo m'mbali mwa poto. Pakatha mphindi 10 msuzi umakhala utagwirana bwinobwino. Tomato ndiye musamuthire poyamba, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba. Mchere, ngakhale ambiri tinakula tikuuzidwa kuti umalimbitsa nyemba, suvuta. Ine ndimathira pang'ono m'madzi oviikira momwemo.

Za soda anzanu sakunama, amafewetsadi nyemba msanga, monga momwe chidulo chimachitira ndi therere. Koma amawononga vitamini B1 amene ali mu nyemba, ndipo akachuluka nyemba zimasanduka phala, kukoma kwake kumamveka ngati sopo. Pa banja limene likudalira nyemba katatu pa sabata, ine sindingakonde kuti ana azitaya chakudya chimenecho. Sodayo musungireni nyemba zogonera zokanika zija, ndipo pamenepo kansonga ka supuni yaing'ono n'kokwanira.

Dengu lomweli limaphikanso zina. Mpunga ubwate mphindi 5, m'dengu mphindi 40, madzi muchepetseko pang'ono kusiyana ndi masiku onse, ndipo simudzapezanso nkhoko zopserera. Nandolo wouma, khobwe ndi nzama zimayenda ngati nyemba. Nkhuku yachikuda yolimba ndi mang'ina zimafewa bwino, bola zibwate kaye mphindi 30 pamoto. Nsima yokha ndiyo siitheka, chifukwa imafuna mthiko ndi moto pansi.

Ngati pakhomo panu pali malo ophikira panja, mphindi 20 zobwatitsa zija mukhoza kuzichita pa Chitetezo Mbaula, ija yadothi, ndi tinkhuni tochepa kapena zitsononkho, makala n'kuwasungira nsima ndi zokazinga. Ndipo kamodzi pa sabata tulutsani dengu ndi pilo wake padzuwa, chifukwa nthunzi imalowa m'zodzazira pang'onopang'ono, ndipo zikanyowa muyamba kuona nyemba zikuchedwa kupsa. Mukasoka lanu mundilembere, mundiuze kuti mwadzazamo chiyani ndipo nyemba zanu zatenga maola angati.