Aphunzitsi a ku Ngabu, yambani ndi funso loti ndani akugwira zida

Aphunzitsi, mwalemba kuti m'kalasi mwanu mwa Fomu 2 muli ana 72, mwa iwo atsikana 30, koma ikafika nthawi yoyeserera sayansi atsikanawo amaunjikana kumbuyo, ndipo akalowa Fomu 3 ambiri amathawa Physics ndi Chemistry. Mwatinso zida zimene muli nazo n'zokwanira gulu limodzi. Gwero la vutoli lili pa zidazo. Chida chikakhala chimodzi, amachigwira ndi amene wafika msanga kutsogolo, ndipo kawirikawiri amakhala mnyamata amene anazolowera kale kumasula tochi ndi wailesi kwawo. Mtsikana amapatsidwa kope, ati poti amalemba bwino. Zaka ziwiri zimatha iye akungolemba zimene ena ayeza. Mawu olimbikitsa a pa asembule sangachotse mantha amenewo ngati zala zake sizinagwirepo waya.

Gawani ana m'magulu a anayi anayi. Pa chiwerengero chanucho mupeza magulu 15 a atsikana awiri ndi anyamata awiri, ndi magulu atatu a anyamata okha. Musamwaze atsikana mmodzimmodzi pofuna kuti gulu lililonse likhale naye, chifukwa mtsikana mmodzi pakati pa anyamata atatu amangokhala chete. Ntchito m'gulu zikhale zinayi: wogwira zida, woyeza, wolemba ndi wofotokozera kalasi. Zilembeni pa tchati pakhoma ndi mayina, ndipo azisinthana pa choyeserera chilichonse. Chimene chimasokoneza dongosololi ndi mnyamata wonena kuti "taima ndikuthandize" uku akulanda chida. Ikani lamulo tsiku loyamba lomwe: wothandiza mnzake athandize ndi pakamwa, manja ali kumbuyo.

Magulu 18 safuna zida 18 zofanana. Konzani zoyeserera zitatu, chilichonse chikhale ndi malo asanu ndi amodzi, ndipo pa mapiriyodi awiri otsatizana magulu azisuntha pakatha mphindi 25.

Choyamba ndi cha ma asidi ndi ma alikali, ndipo chidede chofiira chimagwira bwino ntchito imeneyi. Viikani chidede chouma chodzaza dzanja m'theka la lita ya madzi otentha kwa mphindi 10, sefani ndi kansalu, kenaka thirani masipuni awiri awiri m'mabotolo oonekera mkati odulidwa pakati. Madzi a mandimu, a bwemba kapena a malambe amawalitsa kufiira kuja. Chidulo ndi soda wophikira amakusandutsa kobiriwira. Mtundu ukakana kusintha, yang'anani zinthu zitatu. Mwina madziwo akhathamira kwambiri, ndiye asungunuleni mpaka muziona chala kuseri kwa botolo. Mwina mwagwiritsa ntchito madzi a pamjigo, pomwe mijigo yambiri kuno kuchigwa cha Shire imatulutsa madzi amchere amene amazimiritsa mtundu; madzi amvula ndiwo abwino. Mwinanso munakonza dzana, ndipo kutentha kwa kuno kwawasasitsa. Pasapezeke wolawa, ndipo chidulo chisadonthere m'maso. Atsikana ambiri amachidziwa chidulo chifukwa cha thelere, choncho apatseni mpata afotokozere kalasi mmene amachichezera kuchokera ku phulusa. Koma chenjerani kuti sayansi yawo isathere kukhitchini: kusefa ndi kutsuka mabotolo achite anyamata, atsikana apite ku mawaya.

Chachiwiri n'cha magetsi: malo alionse afunika mabatire awiri a tochi a mavoti 1.5, babu laling'ono la mavoti 2.5, mawaya awiri a masentimita 30 ochokera ku matchaja akufa, ndi mphira ya chubu cha njinga yomangira. Ngati mababu akale akusowa, tengani LED, kababu kakang'ono ka miyendo iwiri kopezeka m'matochi amakono. Mwendo wake wautali upite ku mbali ya + ya batire, apo ayi siyaka. Yoyera imafuna pafupifupi mavoti atatu, kotero batire limodzi siliyatsa. Yofiira ikhoza kupsa pa mabatire awiri atsopano ngati simunaikepo resistor (kachida kochepetsa magetsi odutsa) ya ma ohm 100. Mawaya a mahedifoni amakhala opakidwa utoto wotchinga magetsi, ndiye palani nsonga zake ndi lezala. Mabatire musawasiye m'kabati ya chipinda chamalata mwezi wa Okutobala, amatha mphamvu msanga ndipo ena amatuluka madzi.

Apa ndipo pofunika kudekha kwambiri. Babu likakana kuyaka, mwana amene sanagwirepo waya amaganiza kuti walephera ndi iye, n'kusiyira mnzake. Musamukonzere. Lembani pa bolodi ndondomeko yofufuzira, ayitsate yekha: mabatire aloza mbali imodzi kodi, nsonga za waya zapalidwa, waya wakhudza pansi pa babu ndi m'mbali mwake, nanga babulo likuyaka likayesedwa pa gulu lina? Mtsikana amene wadzipezera yekha pamene panalakwika ndi amene adzabwerenso kutsogolo sabata yamawa.

Chachitatu n'chosavuta: ulusi wa mita imodzi wopachika m'mwamba, nati ya njinga kumapeto yoti izilendewera uku ndi uku, ndi wotchi ya pafoni. Kupita ndi kubwera kakhumi kumatenga masekondi pafupifupi 20. Ulusi ukafupikitsidwa kufika masentimita 25, nthawi imatsika kufika pafupifupi 10. Akapeza theka la zimenezi, ndiye kuti akuwerenga kupita kokha. Ayeze ulusi mpaka pakati pa nati, asakokere kutali, ndipo atseke zenera la mphepo. Afunseni alosere kaye chimene chichitike akamangirira manati awiri, kenaka aone okha kuti nthawi sisintha.

Kunena za mafunso a m'kalasi, pemphani mphunzitsi mnzanu akhale kumbuyo piriyodi imodzi, azichonga kuti mwafunsa anyamata kangati, atsikana kangati, ndiponso mafunso ovuta apita kwa yani. Lembani mayina pa zitsekerero za mabotolo, muzitola m'chitini m'malo modalira okweza manja. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka kasanu musanatole dzina. Wina akaseka yankho la mtsikana, thanani nazo pomwepo, osadikira kumapeto. Aloleni akambirane m'magulu mwawo m'Chisena, m'Chimang'anja kapena m'Chichewa, kenaka alembe m'Chingerezi monga mayeso a MANEB amafunira. Ana ambiri amene amaoneka ngati sayansi yawakanika, chawakanika ndi chiyankhulo.

Kalabu ya sayansi ya madzulo imasankha anyamata yokha popanda wina kunena, chifukwa atsikana akuyembekezeka kumjigo ndi kumphika, ndipo makolo safuna ayende mtunda kukuda. Izichitika m'kati mwa nthawi ya sukulu. Maphunziro obwereza azichitika pagulu, chitseko chili chotsekula, osati mphunzitsi wamwamuna ndi mwana mmodzi. Sungani kaundula wa zoyeserera payekha. Mtsikana wojomba masiku awiri kapena atatu mwezi uliwonse nthawi zambiri amakhala kuti ali kumwezi ndipo pasukulu palibe posinthira. Nkhaniyo ipite kwa mphunzitsi wamkazi ndi gulu la amayi la pasukulu, inu mbali yanu ikhale kumusungira zida kuti adzachite chimene anaphonya. Chimodzimodzi miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pamene mitsinje ya Shire ndi Mwanza imasefukira ndipo makalasi amasanduka misasa monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023: zoyeserera zikuluzikulu ziikeni teremu yoyamba. Wobwerera kusukulu atabereka, zimene ndondomeko ya boma imalola kuyambira 1993, alowe m'gulu ngati wina aliyense ndipo agwire zida pa nthawi yake.

Za kusankha maphunziro musadikire Fomu 3. Pa msonkhano wa makolo JCE isanalembedwe, auzeni mosabisa kuti unamwino, udokotala ndi uinjiniya zimafuna kukhoza bwino masamu ndi sayansi pa MSCE, kaya mwana akufuna ku yunivesite ya KUHeS, ya MUST ku Thyolo kapena ya MUBAS ku Blantyre. Kudzera mwa ahedi, itanani mayi wogwira ntchito yoyeza magazi pachipatala chapafupi, kapena wa zamagetsi ku Kapichira kapena ku fakitale ya shuga ku Nchalo, ndipo mum'pemphe abwere ndi chida chake chimodzi choti ana achigwire. Teremu ikamatha, mwana aliyense payekha alumikize babu liyake m'mphindi zitatu inu mukuona, ndipo malikisi ake alowe pa lipoti. Mayina a amene alephera ndiwo muyambe nawo pa tchati cha ogwira zida teremu yotsatira.